Magetsi akathima, nthawi isathime nawo

Ana anga, lero ndikufuna ndikuuzeni za chinthu chachikale chomwe chili pamwamba pa kabati m'nyumba mwanga kuno kwa Chapananga. Adzukulu anga amachiseka, amati ndi cha nthawi ya atsamunda. Ndi wotchi yopukusa, ija ya mabelu awiri pamutu ndi timiyendo tiwiri, yomwe usiku kukakhala zii imamveka mpaka kuchipinda kuti thiki thaka, thiki thaka.

Adabwera nayo ndi malemu bambo anga pochokera ku Joni mu 1973, kutatsala chaka chimodzi kuti ulendo wa Wenela uimitsidwe kamba ka ngozi ya ndege ija ya ku Francistown. M'bokosi lawo lachitsulo mudali bulangete, chipewa, nsapato zogogoda ndi wotchiyi atayikulunga m'malaya. Bulangete lidatha kalekale, nsapato adatenga ndi amalume, dzina la kampani pankhope pa wotchiyo lidafufutika, koma iyo ikuyendabe. Siidziwa magetsi, siidziwa batire. Chakudya chake ndi zala ziwiri basi, kamodzi patsiku.

Ndidaiona phindu lake lenileni Lolemba pa 24 Januwale 2022, tsiku lomwe namondwe wa Ana adatifika. Mwana wa mchimwene wanga, mayi wachitsikana wa mwana mmodzi, amakhala nyumba zinayi kuchokera pakhomo panga. Tsikulo adapita kuchipatala ndi mwana wake wa zaka ziwiri thupi litatentha. Atamuyeza adamupeza ndi malungo, adamumwetsa LA woyamba pomwepo cha m'ma 2 koloko masana, n'kuuza mayiyo kuti wachiwiri akamumwetse 10 koloko usiku. Adamupatsanso panado. Mkamwini wathu, yemwe amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, adali atapita ku boma ndi kasitomala, foni yabwino ili m'thumba mwake, ndipo sadabwereko usiku umenewo chifukwa mitsinje idadzaza. Kafoni kakang'ono ka mkazi wake kadali kwa wotchaja pamsika, ndipo magetsi adali atathima.

Mdima utagwa ndithu, mvula ikukhuthuka ngati wina waboola thambo, ndidamva kugogoda.

"Odi, azakhali! Tsegulani, ndine."

Adalowa ali chinyowere, mwana ali kumbuyo atamufunditsa pepala la pulasitiki. Sadapereke ndi moni womwe.

"Azakhali, nthawi ili bwanji? Ndikuona ngati 10 koloko yadutsa kale. Ndaopa kumumwetsa, ndaopanso kumusiya."

Ndidaunika ndi tochi pa kabati. Idali mphindi 20 kupitirira 8 koloko.

"Ayi, azakhali, wotchi yanuyi yaima. Ine ndakhala maso nthawi yaitali kwambiri."

Ndidamuika wotchiyo pakhutu kuti amve yekha kuti ikuyenda. Kenako ndidamufunsa za panado.

"Ndamumwetsa dzuwa litangolowa. Thupi silidazizire, ndiye ndamumwetsanso. Ndimati ndimupatse wachitatu ndisanabwere kuno, koma manja amanjenjemera."

Apa mpomwe mtima wanga udagunda. Dzuwa mwezi wa Januwale limalowa 6 koloko itadutsa pang'ono. Ndiye kuti m'maola awiri okha mwanayu adali atamwa panado kawiri, ndipo wachitatu adali m'njira.

Musamuseke mayiyu. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30, zambiri mwa izo ndikugonera m'mawodi a ana, ndipo ndikukuuzani kuti palibe usiku wautali ngati wa mayi amene akudwazika mwana. Mphindi khumi zimakhala ngati ola. Mwana akabuula kawiri, iwe umaona ngati tambala watsala pang'ono kulira. Masana tili ndi dzuwa, tili ndi mthunzi wa mtengo wa pakhomo, tili ndi ana ochokera kusukulu, onsewa amatiuza nthawi. Usiku wa mitambo mulibe mwezi, mulibe nthanda, ndipo atambala a masiku ano amalira nthawi ina iliyonse akafuna. Munthu umangodalira mtima wako, ndipo mtima wa mantha umathamanga kuposa wotchi.

Panado timamuona ngati switi poti amagulitsidwa pa okala iliyonse, koma kwa mwana ali ndi malire ake. Pakati pa kumwa koyamba ndi kwachiwiri pazidutsa maola 6, ndipo asapitirire kanayi pa tsiku lonse, usana ndi usiku. Akachuluka amawononga chiwindi, ndipo kuipa kwake n'kwakuti tsiku loyamba mwana amaoneka ngati ali bwino. Zizindikiro zimadzaoneka patapita masiku, zinthu zitafika kale poipa.

Usiku umenewo tidamuvula mwanayo zovala zonyowa, tidamupukuta ndi kansalu konyika m'madzi ofunda, tidamumwetsa phala lamadzimadzi. Ndidatchera belu la wotchi pa 10 koloko, ndipo litalira tidamumwetsa LA wachiwiri. Panado sitidamupatsenso mpaka m'mamawa. Mayi ake adagona pamphasa pabalaza panga masiku anayi, ndipo nthawi iliyonse ya mankhwala tinkailemba ndi pensulo kuseri kwa kabuku ka kuchipatala.

Zomwe zidachitika kunja mukuzikumbuka. Madzi adagumula damu la pa Kapichira, m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa m'mphepete mwa nkhalango ya Majete, ndipo mamegawati pafupifupi 130 adachoka nthawi imodzi. Ameneyu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi omwe dziko lino linkapanga panthawiyo. Makina a pa Kapichira sadayambenso kuzungulira mpaka cha m'ma Epulo ndi Meyi 2023, ndipo miyezi yonseyo dziko lidali pa kuthimathima kwa maola ambiri patsiku. Kwathu kuno mlatho wa pa mtsinje wa Mwanza, wa mamita 180, womwe tinkaunyadira kuti ndi wautali kuposa ina yonse, udaduka. Mu Malichi 2023 kudabweranso namondwe wa Freddy, magetsi n'kuthimanso. Paja malo athu akuluakulu opangira magetsi, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, onse ali pa mtsinje umodzi wa Shire. Ukasefukira umatenga zinyalala, mitengo ndi matope n'kukatseka polowera madzi, ndipo makina amayenera kuimitsidwa kuti asawonongeke. Choncho tsiku la madzi osefukira, lomwe msewu wa kuchipatala waduka, ndi tsiku lomwelonso magetsi kulibe. Mavutowa amayenda limodzi ngati mapasa.

Wina anena kuti, "Koma agogo, ife m'nyumba mwathu mulibe magetsi chiyambire, ndiye akathima zikutikhudza bwanji?" Zoona, kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi muno ndi pafupifupi 11 zokha zomwe zinkaunikira magetsi a pa nthambo, ndipo kumidzi chiwerengerocho chidali chotsika kwambiri. Koma foni yanu mumatchaja kuti? Si kwa wometa uja pamsika, kapena pa shopu yoonetsa mafilimu? Iye akakhala mumdima masiku atatu, inunso muli mumdima wa nthawi. Ndipo timafoni tina tating'onoting'ono tikathima n'kuyakanso, timadzuka titasokonezeka mutu, tikunena kuti ndi 12 koloko pa 1 Januwale chaka china chakale.

Chachiwiri ndi ichi, ndipo abambo achinyamata mundimvere bwino, sindikukunyozani ayi. M'mabanja ambiri foni yodalirika ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba mwa bambo. Bambo akapita kukagwira ganyu ku Nchalo, kapena kumsika, kapena kukaonera mpira, wotchi ya banja lonse yapita nawo. Amene watsala pakhomo ndi mwana wodwala, ndi mphika, ndi mankhwala, ndi mayi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nthawi yomwe ili m'thumba la munthu amene ali tsidya la mtsinje si yako. Makolo athu ankadziwa kuti wotchi ndi katundu wa nyumba, monga mtondo kapena mtsuko. Siyenda, siibwerekedwa, aliyense wolowa m'nyumba amaiona. Ife tidaisintha n'kukhala katundu wa munthu mmodzi, ndipo sitidazindikire chomwe tataya.

Ndibwerere kwa LA, chifukwa kuno kuchigwa malungo ndi mlendo wa tsiku ndi tsiku. Ambiri a inu mudabadwa nthawi ya Fansida, yemwe adalowa m'malo mwa kolorokwini mu 1993. Fansida adali wosavuta, umamwa kamodzi basi wathana nazo. Mu 2007 boma lidasintha n'kubweretsa LA chifukwa tizilombo ta malungo tidayamba kupirira kwa Fansida. LA ndi wamphamvu, koma amafuna munthu wosunga nthawi. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: koyamba, kenako pakatha maola 8, ndipo masiku awiri otsatirawo m'mawa ndi madzulo. Chifukwa chake n'chakuti m'piritsi limodzi muli mankhwala awiri. Woyamba amakantha tizilombo mwachangu koma sakhalitsa m'magazi. Wachiwiri amachita kuunjikana pang'onopang'ono kuti adzasese totsalira, ndipo amalowa bwino m'thupi mwana akadya kanthu kamafuta, monga mkaka wa m'mawere kapena phala la nsinjiro. Mukadumphitsa, kapena mukasiya pakati poona kuti mwana wayamba kusewera, tizilombo totsalato timadzukanso pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, inu n'kumati mankhwala a kuchipatala sagwira ntchito.

Palinso lamulo lina lofuna wotchi. Mwana akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni LA, mumupatsenso, kenako mukauze achipatala kuti akubwezereni mapiritsi omwe aperewera. Nanga mphindi 30 muziyeza ndi chiyani mumdima? Ndakumanapo ndi amayi ambiri amene ndikawafunsa kuti mwana wasanza patapita nthawi yaitali bwanji, amangoti "posachedwa pomwepa". Posachedwa pa munthu wina ndi mphindi zisanu, pa wina ndi maola awiri.

Koma chomwe ndimaikondera kwambiri wotchi ya bambo anga ndi kamuvi kakang'ono kowerenga masekondi kali m'munsi mwa nkhope yake. Tili kusukulu ya unamwino, mphunzitsi wathu ankabweza pakhomo la wodi wophunzira aliyense amene wabwera wopanda kawotchi kopachika pachifuwa kokhala ndi muvi wa masekondi. Ankati namwino wopanda wotchi ndi mlendo wodzaona odwala. Nthawi imeneyo tinkamuona ngati wovuta. Ndidadzamvetsa nditayamba kuona ana a chibayo.

Chibayo chimapha ana ambiri aang'ono, ndipo chizindikiro chake choyamba chomwe kholo lingathe kuchiona pakhomo popanda chida china chilichonse ndi kupuma mofulumira. Muwerenge chonchi. Mwana akhale atagona kapena ali phee pamiyendo panu, osati akulira kapena akuyamwa. Mukwezeni malaya, muyang'ane pamimba kapena pachifuwa. Kukwera ndi kutsika ndi kupuma kumodzi. Muwerenge mpaka kamuvi kazungulire kamodzi kathunthu, mphindi yonse, osati theka n'kuchulukitsa, chifukwa makanda amapuma modukizadukiza. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika ka 60 kapena kuposa, thamangani nalo. Mwana wa miyezi iwiri mpaka 11, malire ake ndi ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, ka 40. Mukaonanso kuti m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akulephera kuyamwa, kapena wakomoka, musatayenso nthawi ndi kuwerenga, nyamukani. Alangizi a zaumoyo m'midzi muno amawerenga momwemu, ndipo mukafika kwa iwo n'kunena kuti "ndawerenga kawiri, ndapeza 54 ndi 56", mwawathandiza kwambiri kuposa kungoti "akubanika".

Usiku wa namondwe uja ndidamuwerenga mdzukulu wanga. Ali wotentha, akulira, ndidapeza 44. Mayi ake adayamba kale kumanga nsalu kuti tizipita, kaya tikadadutsa pati ndi madzi amene aja. Ndidati tidikire agone. Thupi litazizirako, ali m'tulo, ndidapeza 34, ndipo patapita ola ndidapeza 32. Sankatsokomola, nthiti sizinkalowa. Tidakhala pansi. Madzi ataphwerako tidapita naye kwa mlangizi kuti akamuonenso, koma kuyenda usiku umene uja m'madzi othamanga, mwana ali kumbuyo, tidakupewa chifukwa cha kamuvi kosakwana ndi chikhadabo.

Kwa inu oyembekezera, malangizo anga oyamba si a wotchi ayi. Ngati mumakhala kutali ndi chipatala, makamaka nyengo ya mvula, mwezi wanu ukakwana pitani kuchidikiro mukadikirire komweko. Musakhale pakhomo n'kumawerenga kuti kupweteka kukubwera pakatha mphindi zingati, mtsinje ukudzaza. Koma matenda akakudzidzimutsani muli pakhomo, wina ayang'ane wotchi ndi kusunga nthawi ziwiri: yomwe kupweteka kwayamba, ndi yomwe nsupa yasweka. Mzamba aliyense adzakufunsani zimenezi. Nsupa ikasweka n'kupita maola 18 mwana asanabadwe, mayi ndi mwana yemwe amakhala pa chiopsezo chotenga tizilombo, ndipo timawapatsa mankhwala oteteza. Yankho loti "idasweka usiku" limatisiya m'malere, poti usiku umayamba 6 koloko madzulo n'kutha 5 koloko m'mawa. Apongozi operekeza odwala, ntchito imeneyi ndi yanu.

Zina ndingodutsamo. Amene mumamwa ma ARV kapena mapiritsi olera mukudziwa kale kuti amafuna nthawi yofanana tsiku ndi tsiku. Madzi akumwa mukathira kolorini amafuna mphindi 30 musanamwe, ndipo izi tidaziphunzira mowawa pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. Thanzi mukasungunula sagonera kupitirira maola 24.

Tsono imayenda bwanji popanda magetsi? M'kati mwake muli sipuling'i, kachitsulo kopyapyala kokulungidwa ngati nkhata. Mukamapukusa kiyi wa kumbuyo mukuimanga, ndipo iyo imafuna kumasuka. Ikadasiyidwa yokha ikadamasuka kamodzin'kamodzi kuti fwaa. Chomwe chimaigwira ndi kagudumu kena kamene kamavina uku ndi uku, n'kumalola mano a magudumu enawo kudutsa limodzilimodzi. Phokoso lija la thiki thaka ndi dzino lililonse likamadutsa. Mawotchi ambiri a pa tebulo akapukusidwa mokwanira amayenda maola pafupifupi 30, ndiye kuti tsiku limodzi ndi kachidutswa kokukhululukirani mukachedwa. Ena akuluakulu a pakhoma amatha masiku 8. Kumbuyo kumakhala makiyi awiri, wina wa nthawi, wina wa belu. Nzeru yomweyi ndi imene mzungu wina wa ku England, Trevor Baylis, adapangira wailesi yopukusa m'zaka za m'ma 1990, atamva kuti uthenga wa Edzi sukufika kumidzi ya mu Africa chifukwa anthu alibe ndalama ya miyala ya wailesi. Mawailesiwo ankapangidwa ku Cape Town, ndipo ena a inu mudawaonapo m'magulu omvera wailesi.

Ndisakunamizeni, wotchi yotere ili ndi makhalidwe ake, ngati nkhalamba ina iliyonse. Mukaiwala kuipukusa imaima, ndipo siingadzipezere yokha nthawi. Ine ndimaipukusa ndikamapita kogona, tsiku lililonse, monga momwe ndimatsekera chitseko. Mukamva kiyi walimba, lekani pomwepo, osakakamiza. Chinanso, siisunga nthawi ndendende ngati foni. Yanga imathamanga mphindi ziwiri kapena zitatu patsiku, ndipo nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pomwe kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, imasinthanso mayendedwe. Ndimailinganiza ndi wailesi nthawi ya nkhani. Pa mankhwala a mwana mphindi zitatu si kanthu. Chomwe chimavulaza ndi kusokoneza 8 koloko ndi pakati pa usiku.

Ikamathamanga kapena kuchedwa kwambiri, yang'anani kumbuyo. Pali kachitsulo kakang'ono pakati pa zizindikiro za + ndi −, pena amalemba F ndi S. Kakankheni pang'ono kwambiri ndi kamtengo ka machesi, kenako mudikire tsiku lathunthu muone. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamakankha m'mawa, masana ndi madzulo simudzaipeza.

Adani ake ndi fumbi, utsi, chinyezi ndi anthu anzeru zambiri. Musaiike kukhitchini, musaiike pawindo pomwe dzuwa limawomba, ndipo musaiike pamwamba pa sipika ya wailesi chifukwa maginito a m'menemo amaisokoneza. Za anthu anzeru zambirizi ndikunena mphwanga wina yemwe adaipeza ikuchedwa ine ndili ku ntchito, n'kuitsegula, n'kuidonthezera mafuta ophikira. Idayenda mosangalala sabata ziwiri, kenako mafuta aja adagwirana ndi fumbi n'kusanduka phula, wotchi n'kuima. Ndidachita kukwera nayo basi mpaka ku Limbe, kwa mkulu wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo, yemwe adaiphwasula yonse, kutsuka kachitsulo kalikonse, n'kundidzudzula ngati ndine mwana. Mafuta a wotchi ndi apadera, ndipo amaikidwa kadontho kochepa ngati nsonga ya singano. Ntchito imeneyo asiyireni eni ake. Madzi akamalowa m'nyumba, ikulungeni mu jumbo pamodzi ndi timabuku ta kuchipatala ndi ziphaso, munyamule.

Ndikudziwa funso lomwe muli nalo. Bwanji osangogula wotchi ya batire ya pakhoma? Gulani ndithu, sindikukanizani. Imasunga nthawi bwino kuposa yanga, ndipo batire labwino limodzi limatha miyezi yambiri. Wotchi ina iliyonse yokhala pakhomo ndi yabwino kuposa kukhala opanda. Koma ndalowa m'nyumba zambiri poyendera odwala, ndipo mawotchi a pakhoma omwe ndawaona ambiri ndi zokongoletsera chabe, mivi idaima chaka chatha. Batire lidatha, kapena lidachucha ndi kutentha n'kudyetsa dzimbiri, kapena adalichotsa usiku wina n'kuika mu tochi. Ndipo dziwani kuti usiku wa mavuto, tochi ndi wailesi ndi zomwe zimalanda batire la wotchi. Yopukusa ilibe chomwe munthu angaibere.

Nanga sola? Ndili nako kanga kakang'ono padenga, kamanditchajira foni bwinobwino chaka chonse, ndipo ndimakayamika. Koma sabata ya Ana ija, ndi ya Freddy yomwe, dzuwa silidaoneke masiku angapo otsatizana. Kadagona tulo limodzi ndi magetsi.

Kuipeza masiku ano n'kovutirapo, koma yambani kwanu komwe. Funsani agogo, yang'anani m'masutikesi akale ndi pamwamba pa makabati. Nyumba zambiri zomwe bambo adapitako ku Joni kapena ku Halale zili ndi Westclox yomwe idangoima chifukwa chosowa woisamala, ndipo kawirikawiri vuto lake ndi litsiro chabe. Palinso aja a ku China a chithunzi cha nkhuku yojompha, omwe adadzaza m'masitolo tili achitsikana. Okonza mawotchi adachepa, poti achinyamata onse adathamangira kukonza mafoni, koma m'misika ya m'tauni akulu ena akadalipo ndi timatebulo tawo tagalasi. Musagule mothamanga. Ipukuseni pamaso pa wogulitsa, muimvetsere ili chilili, muigoneke chagada, muigoneke chafufumimba. Ikaima mukaitembenuza, isiyeni. Yesani belu. Onetsetsani kuti ili ndi muvi wa masekondi, chifukwa ambiri alibe, ndipo popanda umenewo simungawerenge kupuma kwa mwana. Ngati n'kotheka gwirizanani kuti mukaiyese tsiku lathunthu musanamalize kulipira.

Chenjezo limodzi la unamwino. Mawotchi ena akale kwambiri, opangidwa chisanafike chaka cha 1970, manambala ndi mivi yake adaipaka utoto wowala mumdima wokhala ndi radium. Chimenechi ndi chiphe. Atsikana omwe ankapaka utotowu m'mafakitale a ku America m'zaka za m'ma 1920 ankasongola burashi ndi milomo, ndipo ambiri adadwala matenda a mafupa ndi nsagwada n'kumwalira. Wotchi yotere ikakhala pa kabati galasi lili lotseka bwino, vuto ndi lochepa. Koma musaitsegule kumaso, musapale utotowo, musagone nayo kumutu, ndipo galasi likasweka ana asaseweretse. Utoto wake umaoneka wachikasu kapena wofiirira ngati wapsa, ndipo ungakhale udasiya kuwala, chiphecho chikadalimo.

Mkamwini wathu uja adafika pakhomo Lachisanu, wapansi, njinga ataisiya kwa mnzake tsidya lina. Atamva nkhani ya panado adakhala chete nthawi yaitali. Kenako adandipempha kuti ndimugulitse wotchiyo. Ndidakana. Adakweza mtengo, ndidakanabe, ndidati iyi ndi ya bambo anga, ikadzachoka m'nyumba muno ndiye kuti ine ndatsogola. Patapita miyezi itatu adabwera kuchokera ku Blantyre ndi yakeyake, ya nkhuku yojompha, galasi lili ndi mng'alu pang'ono pakona. Imachedwa mphindi zinayi patsiku, ndipo Lamlungu lililonse akamachokera kutchalitchi amadutsira kwanga kudzafananiza ndi yanga, ngakhale foni ili m'thumba. Mwana uja wakula tsopano, ndipo madzulo aliwonse amalimbirana ndi bambo ake kuti apukuse ndi iye. Ndidawauza kuti amulole, koma kiyi wa belu yekha.